Gitala imodzi basi, kodi n'kutaya ndalama?

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo. Akuti woyimba amene amamukonda akudzayimba yekha, iye ndi gitala yake basi, koma bambo a kunyumba akukana kugula matikiti ati kopanda bandi n'kutaya ndalama. Akufunsa ngati apite.

Achemwali, mwandikanda pachilonda, chifukwa inenso ndinkaganiza ngati amuna anuwo. Ndinakulira ku Ndirande, ndipo kwa ife zoyimbayimba zinali masipika aatali ngati chitseko, ng'oma, ndi ovina thukuta lili kamukamu. Bambo anga akamva banjo ya Allan Namoko pa wayilesi ya MBC ankatiletsa kuyankhula, ife n'kumanong'onezana kuti nyimbo za madala.

Tsiku lina nthawi ya dzinja mnzanga anandikakamiza kupita ku holo ina m'tauni muno. Woyimba anakhala pampando, anthu ochepa ndithu. Nyimbo yachitatu ili mkati, magetsi thi! Ena anayamba kukuwa kuti awabwezere ndalama zawo. Mkuluyo sanaleke. Anakokera mpando kutsogolo kwa nsanja n'kupitiriza mumdima momwemo, wopanda maikolofoni. Holo yonse inangoti zii. Tinkamva zala zikukhudza nsambo, tinkamva ngakhale kupuma kwake. Nyimboyo ndinali nditaivina zaka zambiri pa maukwati, koma usiku umenewo m'pamene ndinamva mawu ake: munthuyo ankalira mayi ake. Ndinakumbukira bambo anga ali tcheru pa wayilesi paja, misozi n'kulengeza.

Ndinene mosapsatira, bandi imabisa zambiri. Nyimbo yopanda mutu ikhoza kudutsa bola ng'oma zikugunda, anthu atakhuta mowa. Wopeka weniweni amadziwika akatsala yekha. Taonani agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Achinyamata ambiri anawadziwa mu 2020 atayimba ndi Patience Namadingo, koma nyimbo zawozo anali atayenda nazo zaka zambirimbiri ndi gitala yokha, ndipo sizinagwe.

Komanso inu amene mumalipira pakhomo n'kudzakambirana za mpira mokweza, foni ili m'mwamba kutitchingira, chonde kacheze ku bala. Phokoso lanu likhoza kumira m'bandi, koma pa gitala imodzi limapha nyimbo.

China chimene chimandiwawa n'chakuti Wambali Mkandawire ndinkangoti ndidzamuonera chaka chamawa. Anatisiya mu Januwale 2021 ndisanamuonepo ndi maso. Lucius Banda naye anapita mu 2024, ndipo ndimamva anthu akudandaula chimodzimodzi.

Tsono mupite?

Pitani, achemwali. Bambo akakanitsitsa, musakangane nawo, tenganani ndi mnzanu. Mufike msanga kuti mukhale kutsogolo, ndipo mupanganiretu ndi wa takisi wodzakutengani, poti minibasi za ku Chilomoni usiku zimasowa.