Jenereta ya katapila ikudyerani makorali anu

Funso: Ndimakhala ku Johannesburg. Ndili ndi thanki ya galasi ya madzi amchere ya malita 500 momwe ndimaweta makorali (zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati zomera) ndi nsomba zokongoletsa, ndipo ndimagulitsa timphukira ta makorali kwa anthu oweta. Pamwezi ndimapeza pafupifupi R3,000. Magetsi akazima mtima sukhala m'malo. Ndapeza jenereta ya 5.5 kVA ya R12,000, yoti iziyatsanso nyumba yonse. Wakatapila wavomera kundibwereka pa 30 peresenti pamwezi. Kodi jeneretayi ndi yabwino?

Yankho: Achimwene, jeneretayo mwina ndi yabwino, koma ndikufunseni kaye: magetsi akazima 2 koloko usiku, kapena masana muli kuntchito, adzakoke chingwe chake ndani? Jenereta ya mtengo umenewo siyaka yokha. Pamenepo ndi pamene anthu oweta amataya chuma.

Chimene chimayamba kupha zamoyo m'thanki ndi madzi kuima. Pampu ikasiya, mpweya wa m'madzi umatha, ndipo m'thanki yodzaza nsomba zimayamba kupuma movutika pakangopita maola ochepa. Makorali amapirira masiku angapo opanda nyale. Kutentha kwa madzi, komwe kumafunika kukhala pa 24 mpaka 26 digiri, kumatsika pang'onopang'ono chifukwa malita 500 sazizira msanga, makamaka mukafunditsa thankiyo bulangete. Choncho chofunika kuyaka nthawi yomweyo ndi pampu yaikulu ndi kapampu kopanga mafunde. Werengani pa zomata zake, koma ndikuyerekeza kuti ziwirizo zimadya mawati 70. Mukufuna kugula makina a mawati oposa 4,000 kuti muyendetse mawati 70!

Batire ya lithium ya 12V 100Ah imasunga mphamvu ya mawati pafupifupi 1,200 a ola limodzi. Pamodzi ndi invata (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ya mtundu wa pure sine wave yomwe imalanda ntchito yokha magetsi akangozima, mapampu anu ayenda maola 14 kapena kuposerapo, inu muli mtulo. Ngakhale mu 2023, kampani ya magetsi ya Eskom ikufika kawirikawiri pa stage 6, mlingo waukulu wa kuzimitsa magetsi mosinthanitsa madera, magetsi ankazima maola awiri mpaka anayi pa ulendo umodzi, kenako n'kubwera batire n'kudzaza. Onjezerani kapampu ka mpweya ka mabatire a tochi, n'kotchipa ndipo kapulumutsa mathanki ambiri.

Tsopano tiwerengere jenereta yanuyo. Imamwa petulo pafupifupi lita imodzi ndi theka pa ola. Tinene kuti lita ndi R22, ndiye R33 pa ola. Maola anayi patsiku kwa mwezi ndi ndalama yoyandikira R4,000. Ngati mukukhala m'fulati kapena m'kompuleksi, malamulo a pamalopo mwina saloleza n'komwe jenereta, ndipo m'nyumba kapena m'galaja musayerekeze kuiyatsa, utsi wake umapha anthu ali m'tulo.

Koma chandipweteka mtima ndi wakatapilayo. Chiwongoladzanja cha 30 peresenti pa R12,000 ndi R3,600 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe. Bizinesi yanu imabweretsa R3,000. Ndiye kuti makorali onse amene mudule ndi kugulitsa akupita kwa iye, muwonjezerenso R600 ya m'thumba la malipiro, petulo osawerengera. Pakutha miyezi inayi mudzakhala mutamupatsa ndalama yoposa mtengo wa jenereta, iye akukuitanitsanibe R12,000 yake. Anthu amenewa amakonda kusunga pasipoti kapena khadi la kubanki ngati chikole, zomwe malamulo a ngongole a ku South Africa amaletsa, koma amadziwa kuti mlendo amaopa kukadandaula. Munachoka kumudzi kudzagwira ntchito ku Joni kuti mudyetse munthu wotero?

Ndiponso mawu anu akuti "pafupifupi R3,000" sindikuwakhulupirira. Mwachotsapo mchere, zakudya za nsomba, mankhwala oyezera madzi ndi magetsi a mwezi? Ndikukayika. Gulani kope lero. Tsamba loyamba lembani korali aliyense ndi nsomba iliyonse ndi mtengo woguliranso ikafa, mudziwe chuma chimene mukuteteza. Masamba enawo, cholowa ndi chotuluka, tsiku ndi tsiku. Ndalama yotumiza kumudzi ichoke ku malipiro anu, ya thanki isakhudzidwe.

Jenereta ili ndi malo ake. Akaba mawaya kapena siteshoni ya magetsi ikapsa, dera limatha kukhala mumdima masiku awiri, ndipo m'June ndi July kuzizira kwa Johannesburg kudzafuna hita ya mawati 300 iyake. Pamenepo kajenereta ka invata ka 1 kapena 2 kW kakwanira kudzaza batire ndi kuyatsa hita, ndipo magetsi ake saononga makina oyendetsera mapampu. Kameneko mudzagule ndi ndalama yanu, batire itayamba kale kugwira ntchito. Wakatapilayo muimbireni madzulo ano, mumuuze kuti mwasintha maganizo.