Ntchito yanu ya Coca-Cola muitsamiritse pa Goizueta

Achemwali, mwati aphunzitsi akupatsani ntchito yolemba za utsogoleri m'kampani yaikulu, mwasankha Coca-Cola, ndipo mukufunsa ngati muyambire kwa amene anaiyambitsa n'kumatsika ndi mayina mpaka lero. Musatero ayi. Mudzangolemba mndandanda wa mabwana, aphunzitsi n'kukufunsani kuti utsogoleriwo uli pati. Sankhani munthu mmodzi. Ndikanakhala ine ndikanatenga Roberto Goizueta.

Zakalezo muzidutse m'ndime imodzi. John Pemberton, wosakaniza mankhwala wa ku Atlanta, m'dziko la America, ndiye anapanga chakumwachi mu 1886, koma anamwalira mu 1888 asanadyerere. Anachisandutsa bizinesi ndi Asa Candler, yemwe anakhazikitsa kampaniyi mu 1892. Chimodzi chokha musachisiye: mu 1899 Candler anapatsa maloya awiri a ku Chattanooga, Benjamin Thomas ndi Joseph Whitehead, ufulu wothira Coca-Cola m'mabotolo pa dola imodzi yokha. Mpaka pano kampaniyi imadalira kugulitsa madzi ake achinsinsi opangira chakumwachi, ndipo za mabotolo, magalimoto ndi kuperekera m'magolosale zimakhala za makampani ena. Kuno kwathu ntchito imeneyi inali m'manja mwa Southern Bottlers kwa zaka zambiri. Mutchulenso Robert Woodruff, amene anatenga mpando mu 1923 n'kufalitsa chakumwachi kunja potsatira asilikali a America pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Basi.

Tsono Goizueta. Anabadwira ku Havana, anaphunzira uinjiniya wa makemikolo ku yunivesite ya Yale ku America, ndipo anathawa ku Cuba Fidel Castro atatenga boma. Anakhala mkulu wa kampani mu 1981, Pepsi ili mkati mowalanda makasitomala. Mu 1982 anatulutsa Diet Coke, chakumwa chopanda shuga, pomwe akuluakulu akale sankalola kuti dzina la Coke liikidwe pa chakumwa china chilichonse. Zinamuyendera. Kenaka pa 23 April 1985 anasintha kakomedwe ka Coca-Cola yeniyeniyo, n'kuchotsa yakale pamsika. Sanachite mwachimbulimbuli: analawitsa anthu pafupifupi 200,000 osawauza kuti akumwa chiyani, ndipo ambiri anakonda yatsopano yotsekemera kwambiriyo. Koma itangofika m'masitolo, anthu anakwiya. Mafoni ndi makalata odandaula zinachita kusefukira kulikulu la kampaniyi ku Atlanta, ena n'kumagula makatoni a yakale kukasunga kunyumba. Patangotha masiku 79, yakale ija inabwerera ndi dzina loti Coca-Cola Classic.

Apa ndiye pali nyama ya nkhani yanu. Kafukufuku uja anafunsa lilime lokha, sanafufuze bwino kuti anthu adzamva bwanji akawalanda chakumwa chimene anakula nacho. Ndipo funso loti mulimbane nalo ndi ili: bwanji munthu amene anachita zimenezi sanachotsedwe ntchito, m'malo mwake anakhalabe pampando mpaka imfa yake mu 1997, kampani itakula kuwirikiza kambirimbiri? Ine ndimaona kuti chinamupulumutsa n'choti sanaumirire. Anthu atakana, anabweza msangamsanga osayamba wawaimba mlandu ogula.

Kuti mfundoyi imveke, mumuyerekeze ndi womulowa m'malo, Douglas Ivester. Mu 1999 ana asukulu ku Belgium anadwala atamwa Coca-Cola, boma la kumeneko linaletsa malonda, ndipo Ivester anadzudzulidwa kuti anachedwa kuonekera ndi kulankhula. Chaka chomwecho chisanathe analengeza zotula pansi udindo. Munthuyu anali katswiri wa ziwerengero za ndalama, koma mpando uja unkafuna zina.

Ngati aphunzitsi anu amakonda chitsanzo chapafupi, alipo Neville Isdell. Anabadwira ku Northern Ireland koma anakulira ku Zambia, ndipo anayamba ntchito pa fakitale ya mabotolo ya komweko mu 1966. Mu 2004 anachita kumuitana atapuma kale kuti adzatsogolere kampani yonse, mpaka 2008. Ameneyu angokhala wokometsera, osati mutu wa nkhani.

Powerenga, samalani ndi zimene kampani imalemba yokha pa intaneti. Madeti ake mukhoza kuwadalira, koma nkhani ya 1985 amaifotokoza ngati inali mwayi. Sakani zimene nyuzipepala za ku America zinalemba pakati pa April ndi July chaka chimenecho, anthu asanadziwe kuti zithera pati.