Yankho kwa namwino wa ku Blantyre amene wapeza malo ku University of Liverpool

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi namwino ku Blantyre. Wapatsidwa malo oti akachite digiri yachiwiri ya zaumoyo ku University of Liverpool, ndipo akufunsa zinthu ziwiri: kodi sukuluyi ndi yomwe ija ya matenda a m'madera otentha imene amamva ku chipatala cha Queens, nanga moyo wa ophunzira kumeneko ndi wotani?

Achemwali, poyamba ndakunyadirani. Malo amenewa sabwera ndi mphepo.

Sukuluzi ndi ziwiri, ngakhale zili khomo ndi khomo. Liverpool School of Tropical Medicine ili pa Pembroke Place ndipo imadziyimira payokha. Inayamba mu 1898 ndi ndalama za Alfred Lewis Jones, mwini sitima zapamadzi zimene zinkachita malonda kumadzulo kwa Africa, kumene antchito ambiri ankabwerako atagwidwa ndi malungo. Ronald Ross, amene anatsimikiza kuti malungo amafala ndi udzudzu, anaphunzitsa pamenepo ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1902. Chimene chimatisokoneza kwathu n'chakuti sukulu zonse ziwiri zili nawo m'ntchito ya kafukufuku ya Malawi-Liverpool-Wellcome ku Queens, imene inayamba mu 1995. Choncho werenganinso kalata yanu, muone dzina limene lili pamwamba, chifukwa ndi limene mudzalembe pofunsira viza ndi thandizo la ndalama.

Yunivesite yanuyo inakhazikitsidwa mu 1881 ngati University College Liverpool, ndipo inatsegula zitseko chaka chotsatira ndi ophunzira 45 okha. Mu 1884 inalowa m'gulu la Victoria University limodzi ndi koleji ya ku Manchester, kenaka ya ku Leeds inadzawapeza. Mu 1903 inapatsidwa mphamvu zopereka madigiri ake. Anaimanga ndi amalonda a mumzindawo, amene ankafuna madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi a pakhomo pawo m'malo modalira Oxford ndi Cambridge. Sindingabise kuti chuma cha doko la Liverpool chinakula kwambiri ndi malonda a akapolo m'zaka za m'ma 1700. Ku Albert Dock anatsegula nyumba yosungira mbiri imeneyi mu 2007, ndipo munthu wa ku Africa akamayenda m'misewu ya mzindawu ayenera kuidziwa.

Mukakwera chitunda cha Brownlow Hill mudzaona nyumba ya njerwa zofiira psuu, yokhala ndi nsanja ya wotchi. Imeneyo ndi Victoria Building, imene anaijambula ndi Alfred Waterhouse ndipo inatha mu 1892. Mawu akuti redbrick, amene Angelezi amatchulira mayunivesite a m'mizinda ya mafakitale monga Birmingham, Leeds ndi Sheffield, anachokera pa njerwa zimenezi. Lero muli malo oonetsera zojambula ndi zinthu zakale. Lowanimo tsiku lina mvula ikakupezani panjira, muone matailosi onyezimira amene anakuta makoma ndi nsanamira.

Maphunziro anawagawa m'zigawo zitatu zikuluzikulu: zaumoyo ndi zamoyo, sayansi ndi uinjiniya, komanso maphunziro a anthu ndi chikhalidwe. Inu mudzakhala m'chigawo choyambacho, ndipo laibulale yanu ndi Harold Cohen. Ya Sydney Jones, pafupi ndi Abercromby Square, ndi ya a malamulo, mbiri ndi zinenero. Chaka chimayamba kumapeto kwa Seputembala, ndipo digiri yachiwiri imatha m'miyezi 12: masemesita awiri a m'kalasi, kenaka miyezi ya nyengo yawo yotentha mukulemba kafukufuku wanu.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Palibe mpanda, palibe geti, palibe belu. Nyumba za yunivesite zamwazikana m'misewu imene mumadutsa mabasi, ndipo mukatuluka m'kalasi mwalowa kale mumzinda. Maphunziro nawo ali chimodzimodzi. Maola a m'kalasi ndi ochepa, ndipo palibe amene adzakulondolani kuti mwawerenga kapena ayi. Ife amene tinakula tikukopera zolemba za aphunzitsi pabolodi timayesa nthawi yotsalayo ndi yopuma, mpaka Januwale atatipeza ndi mayeso. Aphunzitsi amafuna muwatsutse ndi umboni, ndipo amaitanidwa ndi dzina loyamba. Ine lilime linkakana kwa miyezi ingapo kutchula munthu wa imvi popanda ulemu wake. Musakhumudwenso mukapeza 62, chifukwa kumeneko 70 ndi malikisi apamwamba kwambiri. Koma chenjerani ndi kutenga mawu a wina osanena kumene mwawatenga, pakuti pamenepo sakhululuka.

Za malo ogona, pali nyumba za yunivesite monga Crown Place ndi Vine Court pakati penipeni, ndi Greenbank pafupi ndi Sefton Park. Ambiri amachita lendi m'nyumba za kufupi ndi Smithdown Road, zimene zimatsikako mtengo. Bungwe la ophunzira, Guild of Students, lili pa Mount Pleasant ndipo lili ndi magulu a zamasewera, zachipembedzo ndi a ophunzira ochokera kunja. Lowani limodzi sabata yoyamba yomweyo, kusungulumwa kusanakugwireni. Mu Disembala mdima umagwa 4 koloko isanakwane, ndipo mphepo yochokera ku mtsinje wa Mersey imapinda ambulera m'manja mwanu ngati tsamba la nthochi. Chingelezi cha eni mzinda, chimene amati Scouse, chidzakuvutani poyamba, koma ndi anthu ansangala, ndipo sanyansidwa mukawapempha kuti abwereze. Ufa wa nsima umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa.

Mwatchula kuti muli ndi ana awiri. Kuyambira Januwale 2024, wophunzira digiri yachiwiri ya m'kalasi nthawi zambiri saloledwa kutenga banja pa viza yake, kupatula amene akulipiriridwa ndi boma. Ganyu amaloleza maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo ndalama yake singalipire fizi. Khalani pansi ndi abale anu msanga, mugwirizane za amene adzasunge anawo musanavomere malowo.