Mng'ono wanu apite kuchipatala kaye, ankhoswe pambuyo

Achemwali, mwafunsa chochita pa nkhani ya mng'ono wanu. Popeza mwamuna wake wamumenya mpaka kutupa diso, mupite naye kuchipatala lero lomwe, kenako ku Victim Support Unit (ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza) ya kupolisi yapafupi. Ankhoswe amathandiza pa mikangano ya ndalama kapena ya apongozi, koma pa nkhani ya kumenyedwa nthawi zambiri amangomuuza kuti banja n'kupirira, n'kumubweza komwe kuli ndodo.

Adokotala alembe mabala onse m'buku lake la kuchipatala, chifukwa ndi umboni kukhoti. Ngati anamugwiririranso, asadutse maola 72, poti mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa nthawi imeneyi isanathe.

Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limapatsa majisitileti mphamvu yoletsa mwamunayo kumuyandikira, ngakhalenso yotulutsa mwamunayo m'nyumba. Apa funsani loya, ndipo a Legal Aid Bureau, ofesi ya boma ya maloya, amathandiza osowa ndalama. Mukhozanso kuimba 5600, nambala yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndi yaulere.

Mnzanga wina anathawa usiku wopanda nsapato, mwana kumsana. Chomwe chinamupulumutsa n'kachikwama komwe tinkamusungira kwathu: zitenje ziwiri, chiphaso chake, makadi a sikelo a ana ndi ndalama ya minibasi. Muchite chimodzimodzi. Mng'ono wanuyo musamukalipire akabwerera kwa mwamunayo, ambiri amabwerera kangapo asanachokeretu. Ndipo tsiku lochoka mwamunayo asalidziwe, chifukwa m'pamene amalusa kwambiri. Musamusiye yekha tsikulo.