Wayilesi inachoka kale kwawo, musaiitane

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amamasulira nkhani zakunja pa nyumba ina youlutsira mawu m'chigawo chapakati. Akuti anapatsidwa nkhani ya ku America yonena za FirstNet, netiweki imene boma la dzikolo linakonzera apolisi, ozimitsa moto ndi a ambulansi, ndipo anakhala nayo patebulo mpaka tiyi kuzizira. Funso lawo ndi ili: "Aphunzitsi, mawu oti wireless broadband network for first responders ndiwanene bwanji? Ine ndinalemba kuti 'netiweki ya wayilesi ya oyankha oyamba', koma mnzanga wa mu situdiyo anaseka mpaka misozi. Nanga pa nkhani ya ndalama zake, ndinene kuti fandingi?"

Mayi, mnzanuyo musamusungire chakukhosi. Nanenso ndaseka, koma ndaseka mokondwa, chifukwa m'chiganizo chimodzi mwandipatsa nyama yoti ndidye sabata yonse.

Tiyambe ndi nkhaniyo, poti mawu sasankhidwa mumdima. Pa 11 September 2001, nyumba ziwiri zazitali za World Trade Center zitagwa ku New York, ozimitsa moto 343 a mumzindawo anafera pomwepo. Apolisi anali ndi mawayilesi awo, ozimitsa moto analinso ndi awo, ndipo mawu ochokera kwa awa sankafika bwino kwa awo. Komiti imene inafufuza za tsikulo inanena mu 2004 kuti anthu a ntchito zoterezi apatsidwe malo awoawo okwanira pa mafunde a mlengalenga. Namondwe wa Katrina mu 2005 anangowonjezera mchere pabala. Komabe lamulo lokhazikitsa FirstNet linadzasainidwa mu February 2012, patapita zaka zoposa khumi. Kumene kuli ndalama nakonso zinthu zimayenda pang'onopang'ono ngati ngolo ya abulu.

Tsono "oyankha oyamba". Kuyankha m'Chichewa kumafuna pakamwa. Munthu amayankha funso, amayankha moni, amayankha mlandu pabwalo. Woyankha woyamba ndi mwana uja wokhala kutsogolo m'kalasi amene amakweza mkono aphunzitsi asanamalize kufunsa. Nyumba ikamapsa palibe amene amayankha. Anthu amamva mkuwo, n'kuthamanga ndi zidebe. Ndiye liwu loti "oyankha" litayeni.

Ena anganene kuti tilembe "oyamba kufika pa ngozi". Zikumveka, koma kwathu kuno likhoza kuloza anthu olakwika. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, oyamba kufika anali anthu oyandikana nawo, makasu ndi mafosholo m'manja. Womvera wanu akamva zoti boma lagulira mafoni "oyamba kufika", aganiza za anthu amenewo, osati a yunifolomu. Ine ndinganene "ogwira ntchito yopulumutsa anthu pa ngozi". Ndi aatali, inde. Ngati nthawi ikuchepa, atchuleni maina: apolisi, ozimitsa moto ndi azachipatala. Chichewa chimakonda kuwerenga anthu mmodzimmodzi kusiyana ndi kuwamangira mu mtolo umodzi wopanda nkhope.

Pamenepa ndidandaulepo pang'ono. Timamva tsiku ndi tsiku za "ngozi zogwa mwadzidzidzi", ndipo ine ndimadzifunsa ngati ilipo ngozi imene imayamba yatumiza kalata. Koma mawuwa anakhazikika, ndipo akuthandiza kusiyanitsa kusefukira kwa madzi ndi kugubuduzika kwa minibasi, choncho ndawasiya akhale. Chenjezo lokha n'lakuti ngati muli ndi omvera ku Zimbabwe, kumbukirani kuti m'Chishona ngozi imathanso kukhala mzimu wa munthu wophedwa wobwera kudzalipsa. Umenewo apolisi sangaupulumutse.

Tsopano tifike pa liwu limene landikhazika pansi: wayilesi.

Tinabwereka mawu awiri kwa Angerezi, waya ndi wayilesi, ndipo ambiri a ife sitinazindikire kuti ndi mwana ndi mayi wake. Liwu lawo loti wireless limangotanthauza chinthu chopanda waya. Pamene ankatibweretsera bokosi loyankhula, eni akewo ndi mmene ankalitchulira, poyerekeza ndi mauthenga akale oyenda m'mawaya. Mu 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa ka mabatire kooneka ngati sefuliya, kamene anthu ankamverera mawu ochokera ku Lusaka, Chinyanja chili momwemo. Kuyambira nthawi imeneyo liwuli linamera mizu m'nyumba zathu. Angerezi eni ake pambuyo pake analiika pambali n'kumati radio, kenaka zaka zaposachedwapa analifukula kuti litumikire makompyuta ndi mafoni. Ife sitinawatsatire ulendo wobwererawo. Wayilesi yathu inatsala pomwe anaisiya, pa tebulo la pabalaza, itavundikiridwa kansalu koluka.

Agogo anga aamuna anali ndi wayilesi ya Nzeru. Kuti imveke bwino madzulo, ankamangirira waya wautali kumbuyo kwake, kuutulutsa pawindo, n'kuukoleka pa nthambi ya mtengo wa mango. Mwana akaupunthwa wayawo ankagona ndi njala ya nkhani, chifukwa agogo ankazimitsa wayilesi n'kuyamba ulaliki wawo. Ndiye taganizani: chinthu chotchedwa "chopanda waya" ndi chimene chinali ndi waya wautali kuposa china chilichonse pamudzi. Palibe amene ankaonapo chodabwitsa, chifukwa m'makutu mwathu liwulo silinkanena kanthu za waya. Linkanena za nyimbo, mauthenga a maliro ndi nkhani za 7 koloko. Umboni wina ndi uwu: kanema atabwera tinamutcha "wayilesi ya kanema". Liwu likafika pobereka ana otere, ndiye kuti lakhala mbadwa, ndipo simungalitume ntchito ya kwawo kumene linachokera.

Choncho mukanena kuti "netiweki ya wayilesi", womvera aganiza kuti apolisi a ku America atsegula siteshoni yawo ngati MBC kapena Zodiak, yoti aziulutsirapo maina a akuba.

Lamya nayonso inayenda ulendo womwewo, koma mobwerera. Ine ndimakhulupirira, ndipo amene akufuna kunditsutsa abwere ndi mpando wake, kuti lamya inachokera ku liwu la Chipwitikizi loti arame, lomwe ndi waya. Njira yake ndi yosavuta kuiona: Tete ali pafupi, ndipo waya wa mauthenga unafika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890. Akuluakulu amene ndinawapeza ankati "kwabwera lamya" ponena uthenga wa telegalamu, ndipo nkhope zinkagwa usanawerengedwe, poti lamya sinkabwera ndi nkhani ya ukwati. Lero owerenga nkhani amati "lamya ya m'manja", kutanthauza waya wopanda waya. Wayilesi ili ndi waya, lamya ilibe. Chiyankhulo sichichita manyazi ndi zoterezi.

Pa kalembedwe, mudzaona ena akulemba wailesi, ena wayilesi. Ine ndimasunga y, chifukwa ndi chizindikiro chokhacho chotsala cha ubale wake ndi waya. Amene amamusiya sindilimbana nawo.

Nanga munene chiyani? Mukhoza kunena "yopanda mawaya", palibe cholakwa. Koma kunena zoona simukufunika n'komwe. Netiweki m'Chichewa ndi ija imathawa mvula ikamagwa, ija munthu amaikwerera pachulu atakweza foni m'mwamba ngati akupereka nsembe. Amene ali pachuluyo sakufunafuna waya. Liwu loti netiweki, mmene tinalilandirira ife, lanyamula kale tanthauzo lonselo. Ndikudziwa kuti alipo okonda chiyankhulo amene amafuna tizinena "ukonde wa mauthenga". Ndimawalemekeza, koma kanenereni mawu amenewo msodzi wa ku Nkhotakota muone ngati safunsa kukula kwa maso ake.

Broadband musavutike nayo. Mawayilesi akale a apolisi, aja tili ana tinkawatcha ovaova chifukwa cha mmene ankamalizira mawu, amanyamula mawu okha. Netiweki yatsopanoyi imanyamula kanema, mapu a m'kati mwa nyumba imene ikupsa, ngakhale zotsatira za kupima mtima wa wodwala ambulansi isanafike pachipatala. Anthu amati "intaneti yothamanga" kapena "intaneti yamphamvu". Tengani limodzi mwa amenewo.

Tibwere ku ndalama, kumene kuli fandingi wanu uja. Liwu limeneli ndimalimva m'misonkhano ya m'mahotela, ndipo likatuluka pakamwa limanunkhira alawansi. Vuto lake n'lakuti limabisa funso lofunika: ndalamazo zachokera m'thumba la yani? Chichewa chili ndi mawu osiyanitsa. Pali kusonkha, pamene aliyense aponyapo kake. Pali msonkho, umene suufunsa ngati wafuna. Pali thandizo, pali ngongole, pali thumba lopatulidwa. Ndipo nkhani ya FirstNet ndi yokoma chifukwa ndalama zake sizinachokere ku msonkho wamba. Boma linagulitsa mlengalenga.

Ndifotokoze. Mauthenga a foni ndi a wayilesi amayenda pa mafunde osaoneka, ndipo malo ake ndi ochepa. Achikulire akukumbukira owulutsa mawu akunena kuti mukutimva pa mamita akutiakuti. Mamita amenewo ndi minda, ndipo wogawa minda ndi boma. Kwathu kuno ntchitoyo ili m'manja mwa MACRA, ku America ili m'manja mwa FCC. Makampani a mafoni amalimbirana minda imeneyi pa okushoni, monga ogula fodya amachitira ku Kanengo kapena ku Limbe, kungoti pano wogulitsa ndi mmodzi ndipo palibe belo loti ulitsegule n'kulinunkhiza. Liwu loti okushoni ligwiritseni ntchito mosaopa. Mlimi aliyense wa fodya akulidziwa bwino kuposa inu ndi ine.

Poyamba, mu 2008, boma la America linayesa kugulitsa gawo lina la mafunde a 700 MHz (MHz ndi muyeso wa mafunde, monga mamita aja), lotchedwa D Block, pa pangano loti wogulayo amange netiweki yoti azigawana ndi opulumutsa anthu. Mtengo wotsikitsitsa unali madola pafupifupi 1.3 biliyoni. Kunabwera wogula mmodzi yekha, ndi madola 472 miliyoni. Mlimi wa fodya angati belo linabwerera. Lamulo la 2012 linasintha njira: gawolo linaperekedwa kwa opulumutsa anthu osagulitsidwa, kuti pamodzi ndi limene anali nalo kale likwane 20 MHz, ndipo anapatula madola 7 biliyoni ochokera ku okushoni ya mafunde ena. Aliyense ankadziwa kuti ndalama zimenezo sizingamange nsanja m'dziko lalikulu chotero. Ndiye mu March 2017 boma linapangana ndi kampani ya mafoni ya AT&T kwa zaka 25: boma lipereka madola 6.5 biliyoni ndi mafundewo, kampaniyo iikapo pafupifupi madola 40 biliyoni m'zaka zonsezo, ndipo pa nthawi ya mtendere izigwiritsa ntchito malo otsalawo potumikira makasitomala ake. Zigawo zonse 50 za dzikolo zinali ndi ufulu womanga zokha mbali yawo, koma pofika kumapeto kwa 2017 zonse zinavomera kulowa.

Mukuona kuti mukangoti "FirstNet inalandira fandingi" mwameza nkhani yonseyi. Nenani kuti boma linapatula ndalama zimene linapeza pogulitsa mafunde. Womvera wa ku Mitundu amva, ndipo mwina afunsa funso labwino kuposa la mtolankhani.

Pali mawu ena awiri amene mudzakumana nawo m'nkhani yomweyo, priority ndi preemption, ndipo awa Chichewa chimawaposa Chingerezi. Pakagwa tsoka aliyense amaimba foni nthawi imodzi, netiweki n'kudzaza. Loyambalo likutanthauza kuti wozimitsa moto amatsogozedwa pamzere. Lachiwirilo ndi lankhanza pang'ono: ngati malo atheratu, wina wamba amachotsedwapo kuti iye adutse. Ife tili ndi mneni mmodzi wogwira zonsezi, kupatukira. Timapatukira ambulansi, timapatukira maliro, kale tinkapatukira mfumu panjira. Nenani kuti mafoni a anthu wamba amapatukira mafoni a opulumutsa anthu, ndipo simufunika kuwonjezerapo kanthu.

Simunafunse za pulani, koma ndikuchenjezeni poti liwuli lili pafupi. Pulani imodzi ndi yabwino, ndi ya nyumba. Akachuluka n'kukhala mapulani, ayamba kukayikitsa. Tikati "mnyamata uja ndi wamapulani" sitikumuyamikira. Pa nkhani ya boma nenani chikonzero kapena ndondomeko. Kaya zikwaniritsidwa, imeneyo ndi nkhani ina: a ku Britain anasaina mapangano a netiweki yawo yotereyi mu 2015, akuti pofika kumapeto kwa 2019 adzakhala atazimitsa mawayilesi akale a Airwave, koma chakacho chinadutsa apolisi awo akadali nawo pamapewa.

Chiganizo chanu chija, mayi, ine ndikanachiwerenga motere: "Dziko la America lili ndi netiweki yapadera ya intaneti yamphamvu, yotchedwa FirstNet, imene apolisi, ozimitsa moto ndi azachipatala amalumikizirana pa nthawi ya ngozi." Kachiyeseni pa mnzanu uja. Akasekanso, mufunseni kuti ovaova amaitcha chiyani pa Chichewa chake, ndipo yankho lakelo munditumizire, chifukwa liwu limenelo ndakhala ndikulisaka zaka zambiri.