Sitima ya mbale zikuluzikulu ija sinachite ngozi

Achimwene, mwafunsa ngati sitima ili pachithunzi chanuyo, yokhala pansi pa nyanja ndi mbale zikuluzikulu pamsana, ndi ya ku Russia, komanso kuti inachita ngozi yanji. Si ya ku Russia ayi, ndipo palibe ngozi inachitika. Ndi ya ku America, dzina lake General Hoyt S. Vandenberg, ndipo anachita kuimiza m'madzi mwadala pa 27 May 2009 kufupi ndi Key West ku Florida. Zilembo za Chirasha zakusokonezanizo anazipaka pomwe ankaigwiritsa ntchito pojambula filimu ya Virus, yomwe inatuluka mu 1999.

Mbalezo ndiye ntchito yake yeniyeni. Mzinga (roketi) ukanyamuka ku Cape Canaveral, malo oulutsira mizinga ku Florida, umauluka mtunda wautali pamwamba pa nyanja ya Atlantic, ndipo poti dziko ndi lobulungira, rada yapamtunda, makina oonera zinthu zouluka zili kutali, imauona kanthawi kochepa kenako n'kuusowa. Pakati pa nyanja palibe pomanga siteshoni kupatula zilumba zochepa ngati Ascension. Ndiye ankatuma sitima kukadikira kumene mzinga udutse kapena kugwera. Mbale zija zinkatembenuka kuulondola, zikuyeza liwiro lake ndi njira yake, kwinaku zikulandira mauthenga omwe mzingawo unkatumiza uli m'mwamba. Taganizani: sitima ikugwedezeka ndi mafunde, koma mbale iyenera kuloza kachinthu kothamanga kuposa chipolopolo, osakataya. Sitima zotere zinkapenyetsetsanso mizinga yomwe Soviet Union inkayesa.

Koma kwa ine chondigwira mtima si mizingayo. Sitimayi inayamba ndi dzina lina, General Harry Taylor. Anaipanga ku Richmond, California, inalowa m'madzi mu 1943, ndipo mu 1944 inayamba kunyamula asilikali opita ku Pacific pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha inabweza anyamatawo kwawo. Kenako inapatsidwa katundu wina: anthu a ku Ulaya omwe nkhondo inawasiya opanda mudzi, opanda pobwerera. Inkawatenga padoko la Bremerhaven ku Germany kupita nawo ku America ndi kumayiko ena. Chipwirikiti cha ku Hungary cha mu 1956 chitazimitsidwa ndi akasinja a Soviet Union, inanyamulanso anthu othawa kumeneko. M'zipinda zomwe munkagona asilikali pa timabedi tosanjikizana munadzagona amayi ndi ana, aliyense ndi kasutikesi kake kamodzi. Zimenezi anthu ambiri oika zithunzi za mbalezo sazitchula n'komwe, ndipo zimandidandaulitsa.

Mu 1958 anaiimika kaye. Mu 1961 gulu lankhondo la m'mlengalenga la America linaitenga, n'kuiika ma rada ndi mbale zija, ndipo mu 1963 inalandira dzina la Vandenberg, pokumbukira mkulu wakale wa gululo. Chaka chotsatira inabwerera m'manja mwa asilikali apamadzi ndi nambala ya T-AGM-10, ndipo inagwira ntchitoyi mpaka 1983. Kuchokera apo inakhala zaka zambiri ikungochita dzimbiri mumtsinje wa James ku Virginia.

Asanaimize anayamba aichapa. Anachotsa mafuta, mawaya, utoto wosendeka ndi zina zonse zoti zingaphe nsomba, n'kuboola makomo m'mbali kuti osambira pansi pa madzi azilowa ndi kutuluka bwino. Mabomba ataphulitsidwa kunsi kwake, chimphona cha mamita pafupifupi 160 chinamira pasanathe mphindi ziwiri, ndipo chinakakhala chilili pamchenga, pakuya kwa mamita opitirira pang'ono 40. Cholinga chinali choti nsomba zipeze pokhala, komanso alendo osambira achepetseko kudzaza pa matanthwe achilengedwe a m'deralo. Zobiriwira mukuziona zitakuta zitsulo pachithunzi chanucho ndi zomera ndi tizamoyo ta m'nyanja zomwe zamerapo kuyambira tsiku limenelo.