Tifunseni za Umoyo: Kodi flaxseed angalowe m'malo mwa mankhwala a mtima?

FUNSO: Zikomo alangizi. Ine ndine mayi wa ku Santhe kuno ku Kasungu. Bambo a kunyumba kwathu ali ndi zaka 58, chaka chatha anayamba kumva kuthina pachifuwa akamapalasa njinga pachitunda kapena akamalima, tinapita pa boma kenako anatitumiza ku Lilongwe komwe adokotala anati mitsempha ya mtima yayamba kutsekeka ndi mafuta, nde anawapatsa mankhwala oti azimwa tsiku ndi tsiku. Pano mwana wathu amene ali ku Joni watumiza paketi ya timbewu tofiirira totchedwa flaxseed, akuti waona pa Facebook kuti timatsuka mitsempha, ndipo bambowo ayamba kale kunena zoti atopa nawo mapilitsi bola azingodya timbewuto. Ine mtima suli m'malo. Ndi zoona zimenezi? Nanga timadya bwanji poti ife sitinationepo chibadwire?

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa bambowo asanasiye mankhwala, ndipo chonde muwawerengere yankho lino iwo ali pompo. Asasiye. Ngakhale tsiku limodzi asadumphe popanda kulankhula ndi adokotala awo.

Ndifotokoze kaye chimene chikuchitika m'chifuwamo. Mtima umapopa magazi a thupi lonse koma nawonso umafuna kudya, nde uli ndi timitsempha take tomwe timaupatsa magazi. Pa zaka zambiri mafuta aja amati kolesitero amalowa m'kati mwa khoma la mtsempha n'kumaunjikana momwemo mpaka njira ya magazi kuchepa, n'chifukwa chake akakhala pansi ali bwinobwino koma akangokwera chitunda mtima ufuna magazi ambiri, njira yachepa, basi chifuwa chathina. Muone apa, mafutawo sali ngati zinyalala za mu paipi zoti mungothira madzi zichoke ayi, ali m'khoma lenilenilo, ndipo palibe mbewu, tiyi kapena ufa uliwonse umene umakawakokolola. Choopsa kwambiri n'choti pamalo potupapo pakhoza kung'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekekeratu. Odwala nthendayi kawirikawiri amapatsidwa aspirin kuti magazi asaundane, statin wotsitsa kolesitero ndi kulimbitsa pamalo potupa paja, ndi mankhwala a BP. Ntchito imeneyo flaxseed sangaigwire.

Koma sindikunyoza mphatso ya mwana wanu, timbewuto n'tabwino ndithu. Ena amati linseed, amalima kwambiri ku Canada, Russia ndi Kazakhstan, ndipo anzathu a ku Ethiopia amalima kuyambira kale, amati telba, amakazinga n'kusinja n'kupangira chakumwa. Supuni imodzi yaikulu ya ufa wake imakhala pafupifupi magalamu 7, ndipo m'menemo muli magalamu ngati 2 a fiber, zija zimathandiza m'mimba komanso kutsitsako kolesitero pang'ono, ndi galamu imodzi ndi theka kapena kuposerako ya mafuta a omega-3 a mtundu wa ALA.

Kafukufuku amene anatchukitsa timbewuti anachitika ku Winnipeg ku Canada ndipo zotsatira zinatuluka mu 2013. Anthu 110 odwala mitsempha ya m'miyendo anagawidwa pawiri, gulu lina linkadya magalamu 30 a flaxseed wogaya tsiku lililonse kwa miyezi 6, ndipo nambala ya pamwamba ya BP yawo inatsika ndi pafupifupi 10, ya pansi ndi pafupifupi 7 poyerekeza ndi anzawo. Zimenezo si zochepa. Koma amene amafalitsa nkhaniyi pa foni sanena kuti ambiri mwa anthuwo ankamwabe mankhwala awo a BP, flaxseed anangobwera pamwamba, komanso chomwe anapeza chinali kutsika kwa BP osati kutseguka kwa mitsempha. Ku Netherlands nako anayesa anthu 4,837 omwe anadwalapo kale mtima, ena anawapatsa majarini wothira ALA kwa zaka zoposa zitatu, zotsatira za mu 2010 zinaonetsa kuti ALA payekha sanachepetse kwenikweni kudwalanso. Thupi lathu limangosandutsa kachigawo kochepa ka ALA kukhala omega-3 uja amapezeka mu nsomba.

Nde kadyedwe kake. Musawapatse tathunthu, khungu lake n'lolimba timangotuluka momwe tinalowera. Sinjani mu mtondo kapena gayani, pang'ono pang'ono zoti zitha masiku ochepa chifukwa ufa wake suchedwa kuwonongeka n'kuyamba kununkha kukatentha ngati mwezi wa October, ndipo sungani m'botolo lotseka pamalo pozizira posafika dzuwa. Ayambe ndi supuni yaing'ono imodzi mu phala la m'mawa, pakatha sabata afike pa yaikulu imodzi kapena ziwiri, azimwa madzi okwanira apo ayi mimba idzatupa ndi mpweya kapena kudzimbidwa. Pakati pa phalalo ndi mapilitsi papite ola limodzi kapena awiri. Osadya mbewu zosakhwima kapena kubwira ufa wambiri wauwisi, muli kapoizoni kochepa kofanana ndi ka chinangwa chowawa, pa supuni imodzi kapena ziwiri mu phala lophika palibe vuto. Ndipo tsiku la sikelo yawo akawauze adokotala kuti ayamba kudya zimenezi, makamaka ngati ali pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena ali ndi shuga.

Tsopano chimene ine chimandipweteka mtima mayi, n'choti timathamangira paketi yochokera ku Joni pomwe chithandizo chachikulu chili m'nkhokwe mwathu momwemu. Umboni wamphamvu pa nkhani ya chakudya ndi mtima sunachokere pa mbewu imodzi, unachokera pa mbale yonse. Ku Lyon ku France anatsatira anthu 605 omwe anali atadwalapo mtima, gulu lina analiuza lizidya monga amadyera a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, masamba ambiri, nyemba, zipatso, nsomba, nyama yofiira pang'ono, batala ndi kirimu kuchotsa, ndipo lipoti la mu 1999 linaonetsa kuti kudwalanso ndi imfa za mtima zinachepa ndi theka kapena kuposa. Werenganinso zakudyazo muone ngati pali chachilendo kwa munthu wa ku Santhe. Nyemba, khobwe, nandolo, nzama, soya tili nazo, ndipo soya naye ali ndi ALA yemweyo ngakhale wocheperapo. Nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, kholowa, therere. Usipa, matemba, utaka kawiri pa sabata ngati thumba lalola. Mapapaya, magwafa, masuku, mango nthawi yake ikafika, mapeyala. Nsima ikhale ya mgaiwa osati ya ufa woyera uja tauviika masiku n'kutaya gaga yense, ndipo mitanda ichepe, ndiwo zamasamba zichuluke kuposa nsima, ndikudziwa kuti kwa abambo olima zimenezi zimavuta kumva koma yambani ndi kuchotsa mtanda umodzi.

Zoti zichepe mukuzidziwa kale, chipisi cha pachiwaya cha mafuta obwereza kuyambira m'mawa, nkhumba yonona, kanyenya, soseji, mandasi tsiku ndi tsiku, zakumwa zotsekemera, tiyi wa masupuni anayi a shuga. Koma mdani wamkulu pakhomo pathu ndi mchere. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi yokha, kuwerengera wa m'ndiwo, wa mu buledi, wa m'timakyubu tokometsera ndiwo tija, ndipo soda amene timathira mu therere ndi nkhwani nayenso amakweza BP ngati mchere. Kafukufuku wa boma ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe, nde mukachepetsa mchere mu poto mwathandiza nyumba yonse osati bambo okha. Chotsani kambale ka mchere pamkeka. Sabata ziwiri zoyamba adzadandaula kuti ndiwo sizikukoma, lilime limazolowera.

Simunandiuze ngati amasuta. Kuno kwathu fodya timalima tokha nde chingambwe sichisowa, ngati amasuta dziwani kuti kusiya kudzawathandiza kuposa flaxseed thumba lathunthu. Ndipo tsiku lina akadzamva chifuwa chikuthina ali chikhalire, osasiya pakatha mphindi zingapo, ululu kumapita ku mkono, kukhosi kapena ku nsagwada, thukuta lozizira, kubanika, musadikire kuti kuche ndipo asapalase okha njinga, pezani galimoto muthamangire ku chipatala.

FUNSO: Ine ndine mphunzitsi wopuma wa kwa Kamwendo ku Mchinji, ndili ndi vuto lomweli la mtima. Anzanga akuti ndisiye nsinjiro chifukwa mtedza ndi mafuta okhaokha. Zoona?

YANKHO: Ayi aphunzitsi, musasiye. Mafuta a mtedza ambiri ndi a mtundu wabwino, osati aja amaundana ngati a nyama yonona, ndipo mtedza ulibe kolesitero ngakhale pang'ono, kolesitero amapezeka mu zakudya zochokera ku nyama basi. Ndiwo zotendera n'zabwino kuposa zokazinga ndi mafuta ambiri, bola musachite zonse ziwiri m'poto mmodzi. Wokazinga idyani kadzanja kamodzi pa tsiku wopanda mchere, chifukwa ukachuluka umanenepetsa. Chimene muyenera kuopa ndi chuku, mtedza wofwifwa, wobooka kapena wowawa tayani musausinje, umawononga chiwindi.

FUNSO: Ku Chipata ndinaona mafuta a flaxseed a m'botolo. Ndingamakazingire ndiwo za amayi anga odwala mtima? Ndine mtsikana wa ku Mkanda.

YANKHO: Musakazingire achemwali, mafuta amenewo sapirira moto, amawonongeka n'kuyamba kuwawa, amafuna kusungidwa mu firiji ndi kuthira pa chakudya chopsa kale. Komanso alibe fiber amene ali mu mbewu yogaya, nde pa mtengo wakewo ine ndingati ndalamayo muwagulire amayi nsomba ndi zipatso, yotsalayo ikhale ya thiransipoti ya ku sikelo. Pophika gwiritsani ntchito mafuta a soya, a mpendadzuwa kapena a mtedza omwe muli nawo kale, muziyeza ndi supuni osati kupendeketsa botolo.